Sefa ya kuwala: igulireni nebula, osati nyenyezi

Ngati munaonapo chithunzi chimene Hubble inajambula mu 1995, cha zipilala za mpweya zotchedwa Pillars of Creation, mwina munadzifunsa ngati kumwambako kulidi mitundu yotero. Maso athu sangaione choncho. Komabe chithunzicho si chabodza, ndipo njira yomweyo ndi imene anthu wamba akujambulira thambo ali pakhonde, pakati pa tauni yodzaza magetsi.

Nebula yotere ndi mtambo wa mpweya umene umawala chifukwa cha nyenyezi zotentha zapafupi. Suwala mitundu yonse ayi. Hayidirojeni amatulutsa kufiira pa 656 nm, salufa pa 672 nm, pomwe okosijeni amatulutsa kubiriwira pa 501 nm. Tsono sefa ya narrowband ndi kagalasi koikidwa patsogolo pa sensa ya kamera, kamene kamalola kuwala kwa mtundu umodzi wokha kudutsa pakampata kopapatiza, ka 3 mpaka 7 nm. Kuwala kochuluka kwa mababu a mumsewu kumatsala kunja ngati misere pa sefa ya ufa. Ya hayidirojeni imagwira ntchito ngakhale mwezi ukuwala.

Nanga mitundu ija? Salufa ndi hayidirojeni onse ndi ofiira, diso silingawasiyanitse. Choncho wojambula amapatsa salufa kufiira, hayidirojeni kubiriwira, okosijeni buluu. Mtundu ndi wosankha, koma malo amene mpweya uliwonse uli ndi enieni.

Ife akummwera kuno tili ndi mwayi. Carina Nebula, imene Lacaille anaiona ali ku Cape mu 1752, imakwera bwino madzulo kuyambira Malichi mpaka Meyi, pomwe mnzathu wa ku London saiona n'komwe.

Apa ndiye pofunika kusamala ndi thumba, chifukwa masefawa si otchipa. Gulu la nyenyezi ngati Omega Centauri kapena Pleiades silifuna sefa imeneyi. Nyenyezi imawala mitundu yonse, ndiye mukaitchinga ndi kampata kaja mwataya pafupifupi kuwala kwake konse, mitundu yake n'kusokonekeranso. Magulu a nyenyezi amajambulika bwino kwambiri mu mdima weniweni, wa kumudzi, mwezi kulibe.

Ineyo ndinganene kuti sefa isakhale yoyamba kugula. Yambani ndi choimikapo kamera chimene chimazungulira motsatira thambo, poti chithunzi chimodzi cha narrowband chimatenga mphindi 3 kapena 5, ndipo pamafunika zambirimbiri zoti muziphatikize pa kompyuta. Pulogalamu ya Siril imachita zimenezo, ndipo ndi yaulere. Popanda choimikacho nyenyezi zimangotuluka ngati timizere. Kamera yanu ikakhala wamba, yojambula mitundu, funani sefa ya mipata iwiri, yodutsitsa hayidirojeni ndi okosijeni nthawi imodzi. Seti ya masefa atatu ija ndi ya kamera yosajambula mitundu.