Benz yotsegula pamwamba m'misewu ya tiyi ku Thyolo: ya chaka chiti?

Msewu wa M2 ukachoka ku Limbe n'kudutsa pa Bvumbwe umayamba kukhotakhota pakati pa minda ya tiyi mpaka kukafika pa boma la Thyolo. M'Malawi muno ndi misewu yowerengeka imene imayenerana ndi galimoto yotsegula pamwamba ngati umenewu: phula lilipo, kamphepo n'kozizira, ndipo wopita ku Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, amangokhota n'kulowa msewu wafumbi wofika ku Huntingdon House, nyumba yakale ya banjalo imene lero imalandira alendo. Munthu wa bizinesi ya alendo kapena yonyamula akwati akaganiza zogula galimoto yotere, dzina lobwera msanga ndi Mercedes-Benz SL ya mtundu wa R107. Mtunduwu unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1989. Thupi lake silinasinthe kwenikweni m'zaka 18 zonsezo, koma za pansi pa boneti zinasintha kangapo, ndipo m'pamene pagona mkangano.

Okonda zakale amati SL yeniyeni ndi ya zaka zoyambirira, 350 SL ya 1971 ndi 450 SL imene inatuluka ku Ulaya mu 1973. Mfundo zawo n'zomveka. Injini ya V8 ya nthawi imeneyo ndi yachitsulo cholemera, yopirira, ndipo ikatha amakaniko odziwa ntchito amatha kuibowola n'kuibwezeretsa mwakale. Kutsogolo kwake kulibe chipulasitiki cholendewera pansi pa bampala chimene zomalizira zili nacho, ndipo aliyense amene anayendapo m'misewu ya m'maesiteti mu Febuluwale, mathirakitala onyamula masamba atakumba ngalande ziwiri m'katondo, akudziwa kuti chilichonse chotsika chimatsala komweko. Palinso mwayi wina: kuyambira 1977 magalimotowa ankalumikizidwanso ku East London m'dziko la South Africa, chiwongolero chili kumanja monga timayendera kuno, ndipo amene akhala zaka zawo kumtunda kouma kwa Gauteng sanadyedwe kwambiri ndi dzimbiri.

Komabe zoyambirirazo zili ndi chilema chachikulu kwa munthu wa ku Thyolo. Mpaka cha m'ma 1975, mafuta ankalowa mu injini kudzera m'makina amagetsi a Bosch otchedwa D-Jetronic. Pa nthawi yake anali apamwamba, koma lero masipeya ake ndi osowa ngakhale ku Germany komweko, ndipo galimoto ikayamba kutsokomola pa chitunda cha ku Makwasa, wa galaja wa pafupi sadziwa poyambira. Zimene zinatsatira, za 1976 mpaka 1980, zinali ndi K-Jetronic, yodalira mphamvu ya mafuta ndi mpweya m'malo mwa magetsi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaona 450 SL ya zaka zimenezi ngati yapakatikati yabwino. Ine ndimagwirizana nawo pa za kulimba, koma osati pa za mafuta. Injini ya malita 4.5 yokhala ndi magiya atatu okha imamwa petulo mosachita manyazi, ndipo tonse tagonapo pamzere pa filing'i sitesheni.

Za pakati pa 1980 ndi 1985 sindichedwapo. Apa m'pamene panabwera injini za aluminiyamu za 380 SL ndi 500 SL, zopepuka komanso zamphamvu, koma timapulasitiki totsogolera tcheni cha injini tikakalamba timathetheka, ndipo kamodzi kokha kakathyoka ma valve amagundana ndi ma piston. Za 380 SL zopita ku America za 1981 mpaka 1983 zinali ndi tcheni cha mzere umodzi, chofooka, komanso chiwongolero chili kumanzere. Zimenezo tizisiyire eni ake.

Kumapeto kwa 1985 kampaniyo inakonzanso mtunduwu komaliza, n'kutulutsa 300 SL, 420 SL, 500 SL yatsopano ndi 560 SL yogulitsidwa ku America, Japan ndi Australia. Thupi linatetezedwa bwino ku dzimbiri, mabuleki anakula, ndipo mateyala anachoka pa mainchesi 14 kupita pa 15, saizi imene sivuta kuipeza m'mashopu a ku Limbe. Mwa zonsezi, imene ine ndingasankhe ndi 300 SL ya 1986 mpaka 1989. Injini yake ya masilinda 6, yotchedwa M103, ndi yomwe ija ili mu 300 E ndi 300 SE, ma Benz amene anayenda ambiri m'chigawo chino cha Africa. Makaniko wamkulu amene anakulira pa magalimoto a mabwana m'zaka za m'ma 1990 amaidziwa ndi khutu. Imadontha oilo kutsogolo kwa injini, gasiketi ya hedi nayo imatopa, koma awa ndi matenda odziwika, ochizika kunyumba. Ngakhale makina ake a mafuta, KE-Jetronic, ali ndi ubwino wakuti mbali yamagetsi ikafa galimoto imayendabe mpaka kukafika.

Otsutsa adzati 300 SL ilibe kulira kwa V8, ndipo n'zoona. Adzatinso zomalizirazi n'zodula kwambiri pamsika wa kunja, ndipo apanso sakunama. Msonkho wa MRA umakwera galimoto ikakhala yakale komanso injini ikakhala yaikulu, choncho ukalamba umalanga zonse mofanana, koma injini ya malita 3 imapepukirako poyerekeza ndi ya malita 5. Chimene chimandikokera kwambiri ku 300 SL ndi nkhani ya ndalama zakunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yoitanitsa ku Ulaya ndi mutu waukulu, pamene ya M103 imatha kupezeka kwa ophwasula magalimoto ku Johannesburg n'kubwera pa basi kudzera ku Tete ndi ku Mwanza.

Pali china chimene sitingachilambalale tikamakamba za galimoto yotere ku Thyolo. Imadutsa amayi ndi abambo atabereka madengu kumsana, m'boma limene nkhani ya kuchepa kwa malo olima ndi bala losapola, ndipo kudzaza thanki yake ya malita oposa 80 kumadya ndalama zoposa zimene ambiri otchola tiyi amalandira pamwezi. Kwa ine, galimotoyi imakhala ndi chifukwa chokhalira kuno ngati ikugwira ntchito: kunyamula alendo odzaona tiyi, kukongoletsa ukwati, kupatsa ganyu dalaivala, makaniko ndi telala wosoka tenti ya denga lake. Imene ikafa imadikira katswiri wakunja imatulutsa ndalama m'dziko. Imene imakonzedwa ku Limbe imazisiya kuno.

Chaka chokha sichiteteza wogula, makamaka kudera lamvula ngati lino. Mdani wa R107 iliyonse amabisala pansi pa galasi lakutsogolo, pa kabokosi ka fani yopemerera mpweya m'kati. Timabowo totulutsa madzi pamenepo tikatsekeka ndi masamba, monga a bulugamu amene ali ponseponse m'maesiteti, madzi amaima n'kudya chitsulo cholekanitsa injini ndi okwera. Kunja penti ili ng'aning'ani, koma mukamasula chivundikirocho n'kuunika ndi tochi mumapeza chitsulo chikufumbutuka pa chala, ndipo kukonza pamenepo kumafuna kuchotsa dashibodi yonse. Za 1986 kupita mtsogolo zimapirirako, koma nazonso zimawola zikagonekedwa panja m'chiperoni kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Pakati pa 450 SL ya 1978 youma bwino pamenepo ndi 300 SL ya 1988 yowola, ndingatenge yakaleyo n'kupirira nayo za mafutazo.

Petulo wathu nayenso ali ndi mbali yake. Malawi anayamba kusakaniza petulo ndi ethanol mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo ethanol amaumitsa mapaipi akale a labala komanso amakoka chinyontho galimoto ikakhalitsa osayenda. Ya chaka chilichonse ifunika mapaipi atsopano isanayambe ntchito, ndiponso iziyendetsedwa sabata iliyonse, chifukwa K-Jetronic ndi KE-Jetronic zonse zimatsekeka ndi mafuta ogona. Ngati galimotoyo ili kale m'dziko muno, nthawi yabwino yokaiona ndi Januwale, mvula ili pachimake: chotsani denga lachitsulo, lomwe limafuna anthu awiri kulinyamula, kwezani tenti, ndipo mukatha kuyenda nayo pamvulapo tukulani makapeti a kumapazi mugwire pansi pake.