Zimene botolo la mafuta silinena

Tikambirane pang'ono za otsatsa mafuta odzola.

Mu 2011, bungwe loyang'anira zotsatsa malonda ku Britain, Advertising Standards Authority, linaletsa chithunzi cha katswiri wa mafilimu Julia Roberts chimene kampani ya L'Oréal inkatsatsira zodzola kumaso za Lancôme. Chithunzicho chinali chitakonzedwa pa kompyuta, ndipo kampaniyo inalephera kupereka umboni wokwanira wakuti kusalala konseko kunachokera m'zodzolazo. Mu 2007, bungwe lomwelo linali litaidzudzula kale kampaniyo: katswiri wina wa mafilimu, Penélope Cruz, ankatsatsa zotalikitsira nsidze atamatidwa nsidze zoikirira, ogula osauzidwa.

Kwathu kuno, nyamulani botolo la mafuta oyeretsa khungu pamsika, mulione bwinobwino. Pali nkhope ziwiri. Yoyamba ndi yakuda, yokwinya, yojambulidwa pamthunzi. Yachiwiri ndi yowala, ikumwetulira, tsitsi lokonzedwa. Ndani angatiuze kuti mafuta achitapo zingati, nyali ya wojambula yachitapo zingati? Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti chithunzi choyambacho chikuuza ana athu aakazi kuti khungu limene anabadwa nalo ndi matenda ofunika mankhwala.

Otsatsa akalemba kuti "amayi ambiri akuyamikira", funsani: anafunsidwa angati, ndipo anawafunsa ndani? Amene anatupa nkhope sawaika pabotolo.

Ndipo mafuta ena otere amakhala ndi mercury, koma osalembedwa paliponse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limachenjeza kuti mercury imawononga impso. Dziko la Rwanda linayamba kulanda mafuta oterewa m'masitolo kumapeto kwa 2018.