Pakhomo pa Mkhristu: Sikelo ya Wogula ndi Kompyuta ya Mwana Wathu



Ife a ku Tsangano ndi ku Macanga sikelo yachinyengo timaidziwa. Tidaonapo thumba la kachewere, lolimidwa ndi thukuta lathu, likupepuka ife tikupenya, pakuti wogula adaikonzeratu sikelo yake. Zotsala pa malonda otere ndizo timatumiza kwa ana athu amene ali ku sukulu za ukachenjede, ena ku Ulónguè kumene UniZambeze imaphunzitsa za ulimi, ena mu mzinda wa Tete. Chaka chikakoma, kholo la ku Furancungo limagulitsa fodya ndi kugulira mwana kompyuta. Koma ndani mwa ife adafunsapo za zimene zili m'kati mwa kompyutayo?

Mapulogalamu monga Windows, Microsoft Office, SPSS ndi AutoCAD ali ndi eni ake. Wowafuna amagula laisensi, ndiko kuti chilolezo chowagwiritsira ntchito, ndipo amapatsidwa nambala yotsegulira. Tsono mnzake wa m'kalasi amabwera ndi kafulashi, kapena wokonza makompyuta pamsika amalandira mametikali ochepa, nkuikamo kapulogalamu konamiza makinawo kuti laisensi idalipiridwa. Mwana wathu amayamba kulemba ntchito ya sukulu mtima uli m'malo, ndipo Lamulungu amaimba m'kwaya.

Tikamufunsa, yankho lake si lopusa ayi. Amati sadachotse kanthu m'nyumba ya munthu, ndiponso mwini pulogalamuyo ndi kampani yolemera ya kunja pamene iye amagona ndi njala. Mtengo wa mapulogalamu ena umaposadi zokolola za banja la chaka chonse, ichi sitikana. Komabe wogula kachewere uja nayenso sadathyole nkhokwe yathu. Adangonamiza sikelo. Katekisima wa Heidelberg wa 1563, pa funso 110, amafotokoza kuti lamulo lachisanu ndi chitatu limaletsanso machenjerero onse otengera za mnzathu, ngakhale ooneka ngati achilungamo, ndipo miyeso yonama imatchulidwa pomwepo. Kulemera kwa mwini chinthu sikutchulidwa kuti kumamasula wochitenga.

Nalonso boma lidalankhulapo. Dziko la Mozambique lidakhazikitsa lamulo loteteza ntchito za olemba mu 2001, ndipo mu 2022 lidaikanso latsopano m'malo mwake. Mapulogalamu a kompyuta amatetezedwa monga mabuku. Kutenga mawu ochepa m'buku ndi kutchula mwini wake nkololedwa. Koma kujambula buku lonse pa makina ndi kugulitsa kwa anzathu ndi nkhani ina, ndipo apa wolandidwa nthawi zambiri si kampani ya ku America: ndi mphunzitsi wa ku Maputo kapena ku Beira amene adachezera zaka akulemba. Tiwerenge Yakobo 5:4 tikumukumbukira iyeyo.

Chimene chimatimvetsa chisoni ndi chakuti ana ambiri amalumpha mpanda chipata chili chotsegula. Kuyambira mu 1983, pamene Richard Stallman adayambitsa ntchito ya GNU, pali anthu amene amalemba mapulogalamu ndi kulola aliyense kuwatenga, kuwagwiritsa ntchito ndi kugawira ena. Linux, imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, imagwira ntchito m'malo mwa Windows, ndipo mitundu yake ina imayenda bwino pa kompyuta zakale. LibreOffice, ya mu 2010, imalemba ndi kutsegula makalata a Word ndi Excel. Wowerengera zokolola za m'minda yoyeserera ali ndi R ndi PSPP. Wojambula mapu ali ndi QGIS. Ngakhale eni AutoCAD amapereka laisensi yaulere kwa ophunzira otsimikizika. Vuto lilipo ndithu: kuzolowera pulogalamu yatsopano kumadya masiku, ndipo aphunzitsi ena amaumirira imene adaizolowera okha. Zikatero, mwana afunse mwaulemu ngati sukuluyo ili ndi laisensi ya ophunzira ake. Onjezani apo kuti mapulogalamu othyoledwa kawirikawiri amabwera ndi mavairasi, amene angafafanize ntchito ya chaka chomaliza usiku umodzi.

Tisanaloze ana chala, tiyang'ane m'ofesi ya mpingo. Kompyuta imene timalembera makalata a msonkhano wa akulu a mpingo, ndani adaikamo mapulogalamu ake, ndipo adalipira kuti? Nanga nyimbo za makwaya anzathu zimene timagawana pa mafoni, pamene iwo adasonkha ndalama kuti akazijambulitse? Tikupempha alembi kuti pa msonkhano ukubwerawu aike nkhaniyi pa ndandanda. Ophunzira akabwera ku tchuthi, mmodzi wa iwo apatsidwe kompyuta ya mpingo tsiku Loweruka, achotsemo zothyoledwa, aikemo LibreOffice, ndipo aphunzitse mlembi kagwiritsidwe ntchito kake.