Yang'anani Pansi pa Mpando

Tikakwera minibasi pa Kulima Tower kapena pa City Market timafunsa mtengo, timaona ngati idzala msanga, basi takhala. Mpando ukagwedezeka timangoseka. Tileke kuseka.

Ena mwa ma Hiace amene amatinyamula kupita ku Matero, Chawama ndi Kanyama anabwera ngati mavani a katundu. Mipando inaikidwa konkuno: wowotcherera apinda mapaipi, aboola cilata ca pansi, amanga tumabauti, mizere iculuke, tikhale anayi-anayi. Eni ake amati keshing'i ndi yovuta. Tamva. Koma bauti yolimba ndi yochipa kuposa bokosi la maliro.

Motoka ikagunda cinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, thupi limapitiriza ulendo ngati lagwa kucokera pa mamita 10 m'mwamba. Ndiye cifukwa cake kufakitale mpando amaumanga pa citsulo cocindikala, ndi kuuyesa asanaugulitse. Wowotcherera wa m'komboni amauyesa ndi ciani? Mpando ukazuka, umanyamula anthu anayi ndi kuwaponya pamsana pa amene ali kutsogolo. Ngakhale lamba wa nsonga zitatu, amene Nils Bohlin anapangira Volvo mu 1959, sangathandize ngati cimene wamangidwapo cazuka.

Nafenso amene tagula ka Vitz kapena Corolla tisadzione anzeru. Timagoneka mpando ngati bedi kuti tioneke madaliso afika. Pa ngozi thupi limatsetsereka pansi pa lamba, lambayo n'kudula mimba m'malo mogwira mafupa a m'ciuno. Ena amacotsa cotsamira mutu ati cimatsekereza. Ndico cimagwira khosi wina akakugunda kumbuyo, ndipo msonga yake ifunika kulingana ndi pamwamba pa mutu. Ukasendeza mpando, njanji zake zili ndi mano: uumve wakhoma, uugwedeze, ndiye ulize motoka.

Manje tifuna izi. A RTSA, poyesa fitinesi, gwadani muone mabauti a mpando uliwonse monga muonera mabuleki ndi matayala. Eni mabasi, mangani mipando pa citsulo colimba. Ife okwera, tigwire mpando tisanakhale. Ukayenda, timuuze kondakita mokweza, onse amve, titsike. Basi ina ibwera. Tikatsika ambiri, mwini wake adzapeza sipanala tsiku lomwelo.