Za Umoyo Pabanja: Masiku Amene Malungo Amabisala M'chiwindi



Ambiri a ife tili ndi abale ku Nyambadwe, Ndirande kapena ku Limbe amene amatumiza ana awo kunyanja pa tchuthi kapena pa Eid. Mwana amabwerera ku Blantyre ali bwinobwino, koma patatha masiku 10 thupi latentha. Pamenepo mayi amaloza mango kapena mzimbe, ena mpaka kuganizira agogo kumudzi kuti amuchita chipongwe. Mabanja adana chifukwa chosadziwa ulendo wa kachirombo ka malungo.

Udzudzu waukazi wa Anopheles ukaluma, umalavulira m'thupi tizirombo towonda ngati ulusi, totchedwa sporozoite. Timeneti sitikhalitsa m'magazi ayi. Timathamangira m'chiwindi n'kubisala pafupifupi sabata yathunthu. Masiku amenewa mwana amasewera, amadya nsima, ndipo ngakhale mutamuyezetsa magazi sapezeka ndi kanthu. Chonsecho kachirombo kamodzi kakugawikana mpaka kubala ena okwana 10,000 kapena kuposa. Akatuluka amalowa m'maselo ofiira a magazi, ndipo pa maola 48 alionse amawaphulitsa n'kulowa m'maselo ena. Ndi pamene kunjenjemera kumayamba.

Choncho mwana wanu, amayi, akatentha thupi atachoka kunyanja, uzani adokotala kumene anali masabata awiri apitawo. Musadikire kuti akomoke. Pa chipatala cha Gulupu, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyezera kukomoka kwa ana odwala malungo a muubongo, ndipo dziko lonse limaitchula ndi dzina la Blantyre. Ulemu umenewu ife sitiunyadira kwambiri, poti unabwera chifukwa cha kuchuluka kwa ana athu ogona m'chipatalamo.

Katemera wa RTS,S, amene Malawi inali yoyamba kumupereka kwa ana mu April 2019, amalimbana ndi sporozoite yemweyu asanakhazikike m'chiwindi. Mangochi ndi Machinga anali m'gulu la maboma oyambirira. Mwana amabayidwa kanayi: pa miyezi 5, 6, 7 ndi 22. Wachinayiyu ndi wosavuta kumuiwala poti mwana amakhala akuyenda kale. Katemerayu sateteza kotheratu, ndiye mlendo wamng'ono wochokera m'tauni agone m'neti kuyambira usiku woyamba, ngakhale atadandaula za kutentha.