Kolala ya wansembe wakuda sinali goli

Ena mwa ana athu ophunzira akaona cithunzi cakale ca wansembe wakuda atavala mkanjo ndi kolala, amaseka. Amati ameneyu anali kapolo wa azungu, anangobwereka zovala za eni ake. Ine mawu amenewa ndikuwakana.

Masiku amenewo kujambulitsa sikunali kwa masewera monga tikucitira ndi foni lero. Kamera inali bokosi lolemera loima pa miyendo itatu, ndipo cithunzi cinkagwidwa pa galasi. Wojambula ankakonzeratu zonse: uyu akhale pampando, uyu aime kumbuyo, awa akhale pansi. Amishoni a UMCA, amene anakhazikika ku Likoma ndi ku Messumba, ankatumiza zithunzi ku England kuti akhristu a kumeneko apereke ndalama. Kawirikawiri mzungu ankakhala pakati, dzina lake n'kulembedwa. Makolo athu ankangokhala khamu lopanda maina.

Tsono taganizani za tsiku limene munthu wa m'mbali mwa nyanja yino anakhala pampandowo yekha, dzina lake n'kulembedwa pansi pake. Yohana Abdallah, wansembe wa ku Unangu, analemba mbiri ya Ayao m'Ciyao. Leonard Kamungu, wobadwira ku Chia, anadzozedwa unsembe mu 1909, napita kukalalikira ku Msoro, m'dziko limene lero ndi Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Kolala yawo inkauza boma la atsamunda ndi amishoni omwe kuti munthu wakuda angathe kuwerenga, kulemba ndi kutsogolera mpingo. Kodi limenelo ndi goli?

Amene mumagula ndi kugulitsa kutsidya kwa malire, yang'anani nkhope ya John Chilembwe pa ndalama ya kwacha. M'busa ameneyu ankajambulitsa atavala suti, ndipo mu 1915 anaukira atsamunda. Suti sinamuphe mtima.

Sindikunena kuti amishoni anali oyera ngati thonje. Mipando yaikulu ya mpingo anaisunga okha zaka zambiri. Koma tikamanyoza wansembe wakuda wa pacithunzi, tikumaliza nchito ya amene anafuna kuti asadziwike.

Abale anga, m'masutikesi ndi m'Mabaibulo a agogo muli zithunzi za ansembe, aphunzitsi ndi akatekisiti, ndipo ciswe cikuzidya. Zitulutseni. Pitani nazo kwa akuluakulu amene akadali ndi maso, afunseni kuti uyu ndani, wa mudzi uti, ndipo mulembe dzinalo kumbuyo. Agogowo akapita, sipadzakhalanso wotiuza.