Makaseti a Ambuya Asathere pa Dzala

Ife a ku Chunga timadziwa kumene zinthu za mu Lusaka zimathera: kuno kuli manda, kulinso dzala lalikulu la mzinda. Mwezi watha ndinapeza thumba la makaseti pa mulu wa zinyalala, matepi atatuluka ngati matumbo a nkhuku. Kaya munali kalindula, kaya mawu a munthu amene anagona kale, palibe amene adzawamvenso.

Mu 2024 ambiri a inu munakonda "Noid" ya Tyler, the Creator. Chinyanja chimene chimamveka m'nyimboyo anachitenga mu "Nizakupanga Ngozi" ya Ngozi Family, yochokera mu chimbale cha 45,000 Volts cha 1977. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, ndipo ku Kabwata kuli msewu wa dzina lake. Koma amene anatulutsanso nyimbo zake ndi za WITCH ndi kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles. Nyimbo za makolo athu zimene Hugh Tracey anajambula m'zaka za m'ma 1950 nazonso zikusungidwa kunja, ku International Library of African Music ku Makhanda, South Africa. Tiwayamike, koma tichitenso manyazi pang'ono: eni ake tinali kuti?

Ena mudzati imeneyo ndi ntchito ya ZNBC ndi National Archives of Zambia. N'zoona, ndipo tiyenera kuwapempha kuti zimene ali nazo tizizimva mosavuta. Koma iwo sadziwa za katoni ili pansi pa bedi la amalume anu, mmene tepi ikuonongeka ndi kutentha ndi chinyontho. Sadzabweranso kudzafunsa ambuya anu mmene anafikira mu Lusaka. Mwana amene anali ndi zaka 10 pa 24 Okutobala 1964 lero wapitirira zaka 70.

Foni muli nayo. Khalani pansi ndi ambuya, pemphani chilolezo, jambulani nkhani zawo ndi nyimbo zimene ankaimba popera kapena pamaliro. Lembani dzina, tsiku ndi malo. Sungani m'malo awiri kapena atatu, chifukwa foni imabedwa. Makaseti akale bwerani nawo ku wailesi ya m'dera lanu, tiwakopere pa kompyuta, kaseti mubwerere nayo.

Yambani Sabata lino, ambuya akadali ndi mawu.